INJINI IKABANIKA IMATAYA OILO

Omanga magalimoto pakhomo m'komboni ya Ng'ombe ndi alimi owagula ayenera kudziwa gwero la bvutoli

LUSAKA — M'makomboni a mzinda wa Lusaka, monga Ng'ombe, Kalingalinga, Kanyama, Matero ndi Chawama, muli amisiri amene amatha kuutsa galimoto kucokera ku zitsulo zimene ena anazitaya kale. Injini amaigula kwa ogulitsa ziwalo zakale, chasisi amaitenga ku galimoto imene inacita ngozi, giyabokosi imacokera kwina, ndipo thupi lake amalidula ndi kuliwocherera okha pabwalo la nyumba. Ena mwa magalimoto otere amagulidwa ndi alimi a ku Nyimba, Petauke kapena Katete amene sangathe kugula galimoto yatsopano, koma afuna conyamulira cimanga, thonje ndi nshawa zao.

Nchito imeneyi njoyamikika. Komabe pali dandaulo limodzi limene limamveka kawiri-kawiri pa magalimoto otere, ndilo kudontha kwa oilo. Mwini wake amasintha gasiketi lero, koma patapita mlungu umodzi pansi pa galimoto padanso bii. Amasintha ina, amamata ndi silikoni, amamanga mabauti mpaka kuwathyola, koma oilo amangopeza pena potulukira. Potsiriza injini imauma ndi kugwirana iri pa ulendo, ndipo ndalama za zokolola za caka conse zimathera pomwepo.

Cimene ambiri sadziwa ncakuti nthawi zambiri gasiketi imakhala yosalakwa. Injini iri ndi njira yake yopumira, ndipo njirayo ikatsekeka, mpweya wa m'kati ndiwo umakankhira oilo kunja.

MMENE LUSOLI LINAKULIRA

Komboni ya Ng'ombe iri kumpoto ca kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, pafupi ndi Roma, Kalundu ndi Chudleigh. Dzina lake limakumbutsa masiku amene malowo anali busa la ng'ombe za pafamu, anthu asanayambe kumangapo nyumba. Monga m'makomboni ena, ambiri okhalamo amadya za manja ao: omanga nyumba, owocherera zitsulo, akalipentala ndi amakanika ogwirira nchito pansi pa mtengo.

Luso lolumikiza ziwalo za magalimoto osiyana linakula cifukwa ca kusowa. Boma la Ian Smith ku Rhodesia litadzilengeza lodziimira palokha pa 11 Novembala 1965, njira za kumwera zimene katundu wa Zambia anali kudzera zinasokonezeka, ndipo mu Januwale 1973 malire anatsekedwa. M'caka ca 1972 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza magalimoto a Fiat, koma ziwalo zake zinali zocokera kunja. Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, ndalama zakunja zogulira ziwalo zinasowa, ndipo makanika wodikira citsulo catsopano ca m'sitolo anali kugona ndi njala. Motero amakanika anaphunzira kuika injini ya mtundu wina m'galimoto ya mtundu wina, kudula gasiketi pa pepala lolimba, ndi kusula cimene casowa. Kuyambira zaka za m'ma 1990, malamulo a malonda atafewetsedwa, magalimoto ndi mainjini ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan anaculuka, ndipo injini ya Toyota Corolla kapena Hiace inakhala yosabvuta kupeza.

Zotere sizicitika m'Zambia mokha. Ku Suame Magazine, mumzinda wa Kumasi m'dziko la Ghana, amisiri a kumeneko pamodzi ndi Melle Smets ndi Joost van Onna a ku Netherlands anamanga galimoto yochedwa Turtle 1 m'caka ca 2013, ndipo nchitoyo inatenga milungu 12. Ku Kenya, pulezidenti Daniel arap Moi anapempha University of Nairobi m'caka ca 1986 kuti ipange galimoto ya dzikolo, ndipo magalimoto 5 ochedwa Nyayo Pioneer anaonetsedwa mu 1990, ngakhale kuti sanafike popangidwa ambiri ogulitsa. Kulikonse, munthu wolumikiza ziwalo za magalimoto osiyana amasenza yekha udindo umene m'fakitale umagawidwa kwa akatswiri ambiri. Thupi ndi matayala zimaoneka, ndipo aliyense amazisamala, koma timapaipi tating'ono ta pa injini ndito timaiwalika.

MPWEYA WA M'MIMBA MWA INJINI

M'kati mwa injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika m'masilinda. Pamwamba pa pisitoni ndi pamene petulo wosakanizika ndi mpweya amayaka, ndipo mphamvu yake imakankhira pisitoni pansi kuti izunguze kirankishafiti. Pansi pa mapisitoni pali cipinda cacikuru m'mene kirankishafiti imazungulira, ndipo pansi peni-peni pali sampu, ndiyo mbale yosungira oilo. Cipinda cimeneci ndico mimba ya injini.

Pisitoni iriyonse iri ndi maringi ochinga kuti moto wa pamwamba usatsikire kumimba. Koma palibe ringi imene imatseka kotheratu, ngakhale m'injini yatsopano, pakuti iri ndi kampata kosiyidwa dala kuti citsulo cikatentha cipeze pofutukukira. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, moto umayaka ka 6,000 pa mphindiyo, ndiko kunena ka 100 pa sekondi iriyonse, ndipo nthawi iriyonse kampweya pang'ono kamazembera kumimba. Maringi akamatha, mpweya wozembawo umaculukira-culukira.

Mpweya umenewu ndi wosakanizika ndi utsi, petulo wosapsa ndi nthunzi ya madzi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imabala madzi pafupi-fupi lita imodzi. Ambiri amatuluka ku ekizozi monga nthunzi, koma ena amatsikira kumimba, ndipo akakhalitsa m'menemo amasakanizika ndi oilo ndi mwaye nasanduka phala lakuda limene limatseka njira za oilo.

Mai aliyense amene anathirapo thobwa m'cigubu natseka zolimba adziwa cimene cimacitika. Thobwalo likayamba kuwira, cigubu cimatupa, ndipo thobvu limatulukira pamene pali pofooka. Injini yotsekedwa mpweya imacita cimodzi-modzi. Malo ake ofooka ndiwo magasiketi ndi masilu, ndiye kuti mphira zochinga oilo pamene citsulo cozungulira cituluka m'injini. Masilu anapangidwa kuti aletse oilo wongothovuka, osati oilo wokankhidwa ndi mpweya wamphamvu.

NJIRA ZOTULUTSIRA MPWEYA

Pa magalimoto akale opanga anali kuika paipi yolendewera pansi pa injini, ndipo mphepo ya paulendo ndiyo inali kukoka mpweyawo ndi kuutaya pamseu. Mumzinda wa Los Angeles ku America, kumene magalimoto anaculuka kwambiri, utsi unayamba kuphimba mzinda ndi kuwawitsa anthu maso. M'caka ca 1952 katswiri wina dzina lake Arie Haagen-Smit, wa pa California Institute of Technology, anaonetsa kuti utsiwo unali kupangika pamene dzuwa liomba mpweya wa petulo ndi utsi wa mainjini. Pambuyo pake kunadziwika kuti gawo lalikuru la mpweya wa petulowo linali kucokera ku paipi yolendewera ija. Kuyambira pa magalimoto a caka ca 1961 ogulitsidwa ku California, opanga anayamba kuika kavavu kochedwa PCV, ndipo m'zaka zotsatira njira imeneyi inafalikira pa dziko lonse.

Pa injini ya petulo ya masiku ano pali mapaipi awiri ocokera pa cibvundikiro ca pamwamba, cimene amakanika amacicha top cover. Paipi yoyamba imatenga mpweya woyera ku sefa ya mpweya ndi kuulowetsa m'injini. Yaciwiri imadzera pa kavavu ka PCV ndi kupita ku manifodi, kumene injini imayamwa mpweya woipawo ndi kuutentha pamodzi ndi petulo. M'kati mwa kavavuko muli kacitsulo ndi sipuling'i. Injini ikamalira iri ciimire, manifodi imayamwa mwamphamvu, ndipo kavavu kamatseka pafupi-fupi konse kuti injini isasokonezeke. Galimoto ikamathamanga kapena kukwera phiri, kavavu kamatseguka kwambiri, pakuti ndiyo nthawi imene mpweya wozemba umaculuka.

Injini ya dizilo njosiyana pang'ono, cifukwa manifodi yake siyamwa mwamphamvu. Paipi yake yopumira imapita ku paipi yaikuru yolowetsa mpweya, ndipo pa matalakita akale ndi mainjini a zigayo imangotulukira panja. Eni zigayo ayenera kukumbukira kuti injini ikakhala miyezi osalira, tizilombo touluka tomanga zisa zadothi timatha kutseka paipi yotereyi, ndipo pa tsiku loyamba kugaya oilo amayamba kutuluka ponse-ponse.

ZOLAKWA ZA POMANGA

Colakwa coyamba, ndiponso cofala kwambiri, ndico kutseka mapaipi. Injini yogulidwa payokha imabwera ndi timapaipi todula, popanda sefa yake ya mpweya, ndipo mwina womanga wacotsa manifodi yake naikapo ya kabuleta. Poona tizibowo tosadziwika nchito yake, amatsekapo ndi bauti kapena kamtengo kuti pasalowe fumbi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Bauti imodzi yotereyi ingathe kuononga masilu onse a injini m'masiku owerengeka.

Caciwiri ndico kugwiritsa nchito paipi yosayenera. Paipi yothirira dimba kapena ya pulasitiki imafewa ikakumana ndi oilo wotentha, ndipo manifodi ikayamwa imaphwatalala ndi kutseka njira. Injini ikazima imabwerera m'malo mwake, kotero kuti woyang'ana amaona ngati zonse ziri bwino. Pafunika paipi yolimba yopangidwira oilo kapena petulo, ndipo isapindike kwambiri.

Cacitatu cikhudza kuculuka kwa oilo. Injini ya Corolla inapangidwa kuti ikhale copingasa, ndipo ikaikidwa m'litali m'galimoto yonyamula katundu, kawiri-kawiri imapendekeka mosiyana ndi kale, mwinanso sampu imadulidwa ndi kuwochereredwa kuti isagunde citsulo ca matayala. Nthawi zina kacitsulo koyezera oilo kamakhala kotoledwa pa injini ina. Oilo akapitirira muyezo, kirankishafiti imamupuntha monga mthiko nimusandutsa thobvu, ndipo thobvulo limakwera m'mapaipi ndi kutulukira m'masilu. Ngati sampu ndi yake-yake koma koyezera nkacilendo, womanga akhuthule oilo yense, athire muyezo wolembedwa m'buku la injiniyo, ailize pang'ono, adikire mphindi 5, ndipo aike cizindikiro catsopano pa koyezerako. Ngati sampu inacepetsedwa, muyezo wa m'buku sugwiranso nchito, ndipo pafunika kupeza koyezera ka injini ya mtundu womwewo ndi kukakhulupirira.

Cacinai ndico kucotsa kacitsulo kophwatalala kamene kali m'kati mwa top cover, pansi pa cibowo ca paipi. Nchito yake ndi kuchinga oilo wothovuka kuti mpweya wokha udutse. Kakacotsedwa, kapena cibowo catsopano cikabooledwa pamalo opanda cochinga, injini imamwa oilo wake womwe ndipo ekizozi imatulutsa utsi wobiriwira.

Cacisanu ndico kuyendetsa injini popanda sefa ya mpweya yabwino. Fumbi la m'miseu ya m'makomboni ndi ya kumidzi, maka-maka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, limadya maringi ndi masilinda monga mcenga umadyera mphika potsuka. Cacisanu ndi cimodzi ndico kumangirira injini pa chasisi popanda mphira zoikhazikapo. Kunjenjemera kwake kumamasula mabauti ndi kung'amba sampu pamene inawochereredwa.

KUFUFUZA KUMENE OILO ACOKERA

Munthu asanamasule bauti iriyonse, ayambe watsimikiza kuti cimene cikudontha ndi oilo wa injini. Usiku ayale katoni yoyera pansi pa galimoto, ndipo m'mawa aone mtundu wa madontho ndi malo ake. Oilo wa injini ndi wakuda kapena wofiirira. Wa m'giyabokosi ndi wolemera ndipo amanunkha fungo lamphamvu longa la dzira loola. Wa giyabokosi yosintha yokha magiya kawiri-kawiri ndi wofiira, ndipo mafuta a mabuleki ndi opepuka ndi oyera ngati mafuta ophikira.

Injini yodzaza ndi matope a oilo siingaulule kanthu. Iyenera kutsukidwa iri yozizira, ndi parafini ndi burashi, osati petulo, pakuti petulo sacedwa kugwira moto. Zamagetsi zikulungidwe ndi pulasitiki potsuka. Ikauma, injini ilizidwe mphindi 10 kapena 15, ndipo wofufuza ayang'ane ndi toci kuyambira pamwamba kutsikira pansi. Oilo amatsika, ndiponso fani ndi mphepo ya paulendo zimamukankhira kumbuyo. Cotero pamene dontho likugwera sipamene lacokera. Gwero lake ndi malo onyowa amene ali pamwamba kwambiri ndi kutsogolo kwambiri. Pamene pakayikitsa, ufa woyera wowazidwa pa citsulo couma umaonetsa kanjira ka oilo bwino lomwe, koma usawazidwe pafupi ndi polowera mpweya.

Malo oyenera kuyang'ana ndi awa: gasiketi ya top cover, kamphira ka pa disitiribyuta, swici ya nyali ya oilo, mphira ya sefa ya oilo, silu ya kutsogolo kumbuyo kwa pule, gasiketi ya sampu, wasala ya bauti yokhuthulira oilo, ndi silu ya kumbuyo pakati pa injini ndi giyabokosi. Swici ya nyali ya oilo ndi sefa zimadontha injini ikamalira pokha, ndipo zimataya oilo msanga. Bauti yokhuthulira ndi sampu yong'ambika zimadontha usana ndi usiku, ngakhale galimoto iri ciimire.

Silu ya kumbuyo ndiyo imanamiziridwa kawiri-kawiri. Oilo wocokera kumbuyo kwa top cover amatsetsereka mpaka pamene injini ikumana ndi giyabokosi, ndipo wopupuluma amatsitsa giyabokosi, nchito ya tsiku lathunthu, pamene colakwa cinali gasiketi yosinthika m'theka la ola. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo ngati malo atatu kapena anai ayamba kudontha nthawi imodzi, nkosatheka kuti mphira zonsezo zinathera tsiku limodzi. Cimeneco ndi cizindikiro cakuti injini yabanika.

Pogwira nchito injini ikulira, manja, malaya ndi nsanza zikhale kutali ndi fani ndi malamba. Munthu asalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha. Aikepo zitsa zolimba ndipo matayala awachinge ndi miyala.

KUYESA KAPUMIDWE KA INJINI

Zizindikiro zina zimaoneka popanda cida ciriconse. Koyezera oilo kamapezeka katatukuka pamalo pake pambuyo pa ulendo, pozungulira citsekero cothirira oilo pamanyowa, ndipo m'bokosi la sefa ya mpweya mumakhala oilo.

Pa injini ya petulo, kavavu ka PCV kazulidwe ndi kugwedezedwa pafupi ndi khutu. Kabwino kamalira ngati kamwala m'citini, ndipo kongokhala zii ndiye kuti kagwirana ndi phala. Injini ikulira ciimire, cala coikidwa pa kamwa la kavavuko ciyenera kumva kuyamwa. Ngati palibe kuyamwa, paipi kapena kabowo ka pa manifodi katsekeka ndi mwaye, ndipo kangatsegulidwe ndi waya ndi parafini. Pambuyo pake citsekero ca oilo cicotsedwe ndi kuikapo pepala lolimba. Pa injini yopuma bwino pepalalo limakhala pomwepo kapena kukokedwa pang'ono, koma pa injini yobanika limaulutsidwa. Pa injini ya dizilo kampweya pang'ono kotuluka pamenepo si kacilendo, koma utsi wambiri wotuluka mwamphamvu ngati wa m'cumuni ndi cizindikiro ca maringi otha.

Kavavu kangathenso kugwirana kali kotseguka. Pamenepo injini imalira modukiza iri ciimire, nthawi zina imaimba mluzu, ndipo oilo amatha popanda dontho pansi. Phala loyera pansi pa citsekero ca oilo limasonyeza madzi. Lingabwere cifukwa ca maulendo afupi-afupi amene injini siitentha mokwanira, kapena cifukwa ca paipi yotsekeka. Koma ngati madzi a m'redieta akuceperanso, ndipo oilo waoneka ngati tiyi wamkaka, gasiketi ya mutu wa injini ndiyo yapsa, ndipo galimoto isayendenso mpaka itakonzedwa.

Mapaipi ndi kavavu zikakhala bwino koma mpweya nukhalabe wambiri, pafunika kuyesa mphamvu ya masilinda ndi geji. Injini ikhale yotentha, mapulagi onse acotsedwe, ndipo copondera moto cipondedwe mpaka pansi pozunguza. Masilinda ayenera kufanana, osasiyana kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Silinda yofooka ithiridwe oilo wokwana supuni ya tiyi ndi kuyesedwanso. Geji ikakwera kwambiri, maringi ndiwo atha. Ikapanda kusintha, colakwa ciri ku mavavu kapena ku gasiketi ya mutu. Kuthira oilo kotere nkwa injini ya petulo yokha, pakuti m'dizilo oiloyo angayake. Amakanika akumbukirenso kuti Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene mpweya uli wopepuka, kotero kuti geji imawerenga pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 7 kucepera pa nambala ya m'buku. Injini yabwino isaphwasulidwe cifukwa ca cimeneco.

KUKONZA MWADONGOSOLO

Coyamba kukonzedwa ndi njira ya mpweya, ndipo magasiketi ndi masilu atsatire pambuyo. Nthawi zina kudontha kumaleka kokha mapaipi akangotseguka. Poika gasiketi yatsopano, zitsulo zonse ziwiri zipalidwe bwino, ndipo mlomo wa sampu uongoledwe ngati unapindika. Mabauti amangidwe pang'ono-pang'ono modumphitsa, mbali iyi ndi iyo, popanda kukakamiza, pakuti kumanga kwambiri kumaphwanya gasiketi. Silikoni apakidwe wocepa zedi, cifukwa wotsala amagwera m'sampu ndi kutseka sefa ya pampu ya oilo. Silu yatsopano ipakidwe oilo pa mlomo wake, ndipo citsulo cimene imagwira ciyang'anidwe ngati cinadyeka mzere. Sefa ya oilo imangidwe ndi manja okha, mphira yakale itacotsedwa.

Omanga ena amaika kacitini pakati pa paipi kuti kazigwira oilo ndi madzi. Njira imeneyi njabwino, malinga kacitiniko kakhale ndi polowera ndi potulukira, ndipo kazikhuthulidwa kasanadzaze. Kuthira oilo wolemera kwambiri kapena mankhwala oletsa kudontha kumangobisa matenda kwa kanthawi.

ZIMENE ZINGATAYIKE

Injini yaing'ono ngati ya Corolla imasunga oilo wa pakati pa malita 3 ndi 4. Madontho 20 amakwana pafupi-fupi mililita imodzi, motero dontho limodzi pa sekondi iriyonse limataya mamililita 180 pa ola. Kucokera ku Lusaka kukafika ku Chipata pa Great East Road pali makilomita pafupi-fupi 570, ndipo galimoto yolemedwa ndi katundu ingayende maola 10. Pa ulendo umodzi wokha theka la oilo lingathere pamseu, ndipo kudontha kumakula pokwera zitunda za pafupi ndi mlatho wa Luangwa ndi za Manenekera, kumene injini imagwira nchito yolimba ndiponso makanika sapezeka msanga. Galimoto yomangidwa pakhomo isacoke pabwalo nyali yofiira ya oilo isanalumikizidwe, ndipo nyaliyo ikayaka paulendo, injini izimidwe nthawi yomweyo.

Oilo wodontha pa ekizozi yotentha angathe kuyambitsa moto. Wolowa pa kilachi amacititsa galimoto kulephera kukwera phiri, ndipo wofika pa lamba wa taimingi amamufewetsa mpaka kuduka. Injini ya dizilo yotha maringi ingayambe kuyamwa oilo wake kudzera m'paipi yopumira ndi kuthamanga yokha ngakhale kiyi itazimidwa. Zikatero, polowera mpweya patsekedwe ndi thabwa, osati ndi dzanja, kapena galimoto iikidwe m'giya yapamwamba mabuleki atapondedwa kuti injini izime.

Coopsa koposa ndi utsi. Mpweya wa m'mimba mwa injini uli ndi poizoni yemweyo amene amapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Poizoniyu alibe fungo lake-lake. Amayamba ndi mutu ndi tulo. M'galimoto yomangidwa pakhomo kawiri-kawiri mumakhala mipata pakati pa injini ndi pokhala anthu, motero paipi yopumira isasiyidwe yotseguka pansi pa boneti, ndipo mipata yonse itsekedwe.

Oilo wakutha nayenso afunika kusamalidwa. Pafupi-fupi theka la madzi a mzinda wa Lusaka limacokera m'zitsime zakuya, ndipo ena amacokera ku mtsinje wa Kafue. Makomboni monga Kanyama, George ndi Chawama ali pa miyala ya laimu yokhala ndi mapanga ndi ming'alu, m'mene zonyansa za pamtunda zimatsikira msanga kumadzi, ndipo mabanja ambiri amatunga m'zitsime zosazama. Ku Ng'ombe, cimene catayidwa m'ngalande cimakokoloka ndi mvula kunka kumtsinje. Malamulo amene bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa m'caka ca 2011, limayang'anira amaika oilo wakutha m'gulu la zinyalala zoopsa. Asungidwe m'cigubu cotseka ndi kuperekedwa kwa osonkhanitsa obvomerezeka. Kumudzi asathiridwe m'cimbudzi kapena pafupi ndi citsime, ndipo asapakidwe pa zilonda za ng'ombe kapena pa khungu la munthu.

MLIMI ASANAPEREKE NDALAMA

Lamulo la pamseu la caka ca 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, limafuna kuti galimoto yoyenda pamseu wa onse ikhale yolembetsedwa ndi yoyesedwa ngati iri yoyenera kuyenda. Wogula galimoto yomangidwa pakhomo ayambe wafunsa za mapepala amenewa. Pambuyo pake apemphe kuti ayende nayo makilomita angapo mpaka injini itenthe, aiimike pa malo oyera, nayang'ane pansi. Acotse citsekero ca oilo injini ikulira ndi kuyesa ndi pepala. Atsate ndi cala mapaipi awiri a pa top cover kuti aone kumene apita, ndipo akapeza bauti kapena kamtengo kotsekera, afunse cifukwa cake. Injini yotsukidwa mbee pa tsiku logulitsa iyenera kuyang'anidwa kawiri.

Anyamata a m'makomboni ndi a kumidzi ofuna kuzama m'nchito imeneyi angapeze maphunziro m'masukulu a nchito zamanja oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, monga Chipata Trades Training Institute ndi Northern Technical College ya ku Ndola. Amene sangathe kufika kumeneko afunse amakanika akuluakulu, ndipo ayese kupeza buku la injini imene aigula asanadule kapena kutseka paipi iriyonse. Kavavu ka PCV ndi paipi yake yabwino zimagulidwa ndi ndalama zocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa injini ina, ndipo kuziyang'ana nthawi iriyonse posintha oilo sikutenga mphindi zoposa 10.